Pa Njinga Yamoto Kuchokera kwa Chiwamba Kukagona ku Dzalanyama

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Ndikulankhula ndi inu anyamata a kabaza amene mwaimika njinga pasiteji, mukumvera pafoni uku mukudikira makasitomala. Pulogalamu ya lero ndi yanu, koma musaimve nokha. Itanani agogo asendere pafupi ndi wailesi, chifukwa zambiri zimene tikambe pano eni ake ndi iwowo.

Lero tili pa ulendo. Tinyamuka kwa Chiwamba pa njinga yamoto, tidutsa mumzinda wa Lilongwe, tikagone masiku awiri kapena atatu m'nkhalango ya Dzalanyama pamodzi ndi achinyamata anzathu. Tikukaphunzira kukhala m'tchire: kumanga msasa, kukoleza moto, kupeza madzi ndi kudziwa mitengo.

Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. Mukuti munthu wolongosoka, nyumba ali nayo, mphasa ali nayo, akagonerenji kutchire? Taganizani bwino. Kugona m'misasa si kwachilendo kuno kwathu. Akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist amakhala ndi misonkhano ya misasa chaka ndi chaka, ndipo ana awo a gulu la Pathfinder amakagona panja n'kumaphunzira kumanga mfundo za chingwe ndi kuphika pamafuwa. A Scout nawonso amatero. Kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akamakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ambiri amagona m'misasa ya udzu, ndipo a kunofe timadzera msewu wa ku Mpingu ndi Namitete polowera ku Mchinji. Nanga makolo athu aja ankayenda pansi kupita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ntchito ankagona kuti? M'tchire, milungu yambirimbiri, ndipo ankafika amoyo chifukwa ankadziwa madzi, moto ndi mitengo.

Kumaiko a anzathu luso limeneli analipanga kukhala sukulu. Mu 1907 Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 n'kukagona nawo pa chilumba cha Brownsea ku England, ndipo ndi pamene panayambira gulu la Scout, lomwe linachita msonkhano wake waukulu woyamba ku London mu 1920. Masiku ano ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amakwera njinga zamoto mtunda wautali atamangirira tenti kumbuyo, kupita kumisonkhano kumene amalipira ndalama kuti wina awaonetse kupeka moto ndi kupota chingwe cha khungwa la mtengo. Ray Mears wa ku Britain anatchuka pa kanema chifukwa chophunzitsa zomwezi, ndipo zambiri anaziphunzira kwa anthu a m'midzi m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo muno mu Africa. Zimene anzathuwo akugula ndi ndalama, agogo anu ali nazo m'mutu, ndipo angakupatseni ulere. Koma owafunsa akusowa, ndipo kokaphunzirira kukutha. Yendani kwa Chiwamba kapena kwa Kabudula lero. Mukaona mitengo yachilengedwe itathithikana pamalo amodzi, kawirikawiri ndi manda. Kwina konse ndi minda ya chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Mwana wobadwa lero akudziwa bulugamu, kesha ndi mango, koma mombo, muwanga ndi mlombwa sanazionepo zili chiimire. Zimenezi zimandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna mupite ku Dzalanyama.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Dzalanyama ili kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Inakhudza maboma atatu, Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, ndipo mapiri ake ndiwo malire athu ndi dziko la Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umayambira mmenemo, chimodzimodzinso Diamphwe. Madamu awiri a Kamuzu amene ali ku Malingunde, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989, amasunga madzi otsika m'mapiri omwewo, ndipo ndi madzi amenewa amene bungwe la Lilongwe Water Board limapopera mumzinda. Wachibale wanu wa ku Kawale kapena ku Area 25 akatsegula mpopi, akumwa madzi a ku Dzalanyama.

Kwa ife Achewa malowa ali ndi ulemu winanso. Akuluakulu amatiuza kuti pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa, ndi pamene Chauta anatsitsira munthu ndi nyama pamodzi ndi mvula, thanthwe likadali lofewa, n'kusiya mapazi awo pamwalapo. Ankakhala onse pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Motowo unagwira tchire, nyama zinathawa munthu kupatula galu ndi mbuzi, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kufupi ndi kumeneko ndi ku Msinja, kumene Makewana ankatsogolera nsembe zopempha mvula. Choncho mukukalowa m'malo amene makolo anu ankalowa mwaulemu wonse, osati mokuwa ndi kuimba hutala.

Musanalize njinga, yambani mwakaonana ndi a ofesi ya za nkhalango ya boma la Lilongwe. Malinga ndi lamulo la za nkhalango la mu 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, kudula mtengo, kukoleza moto, kusaka nyama kapena kumanga pokhala m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Atsogoleri a gulu apite, anene kuti muli angati, mukagona masiku angati, mukukachita chiyani. A za nkhalangowo ndiwo akuuzeni pamene mungamange misasa. Apempheni akupatseni mlonda wa nkhalango woti akhale nanu. Muliso malo ogona alendo otchedwa Dzalanyama Forest Lodge, ngati gulu lanu lili ndi kangachepe. Nyengo yabwino ya ulendowu ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itasiya, misewu itauma, tchire lisanapse. Koma mu Juni ndi Julayi kumapiri kumazizira kwambiri usiku, ndiye bulangete ndi juzi musasiye.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Tsopano njinga. Kaya yanu ndi Boxer, kaya Lifo, kaya King Lion, iyang'aneni dzulo lake, osati m'mawa wonyamuka. Onani oyilo njinga itaima chilili pamalo osalala. Gwirani tcheni pakati: chizisewera pang'ono, ngati zala ziwiri, osathina kwambiri komanso osalendewera, ndipo muchipake oyilo. Mano a sipoketi akasongoka, sinthani musanapite, chifukwa tcheni chikadukira m'nkhalango mulibe makanika. Yesani mabuleki onse awiri, yatsani nyali ndi maindiketa, yang'anani matayala ngati sanathe mapanga. M'kachikwama ka zipangizo muikemo pulagi yatsopano, chubu, zigamba ndi guluu wake, pampu, masipanala, pulayala ndi kebulo ya kilatchi. Mafuta dzazani mumzinda, ndipo muwerengere ulendo wopita, wobwerera, ndi wina wapadera wothamangira kuchipatala ngati wina atadwala. Gulu lililonse likhale ndi njinga imodzi imene mafuta ake sakhudzidwa, yodikira zadzidzidzi.

Mapepala akhale m'thumba: laisensi, inshuwalansi, ndipo njinga ikhale ndi nambala. Ndikudziwa madandaulo anu akuti ndalama zake n'zambiri, ndipo sindikuwapeputsa. Koma ulendo wa gulu suyenera kukhala wozemba apolisi m'tinjira ta m'minda. Helemeti avale woyendetsa ndi wokwera yemwe, atamanga lamba wa pachibwano. Helemeti yongokhazika pamutu imavuka munthu asanafike pansi. Amene munakazondako wodwala ku Kamuzu Central Hospital munaona nokha kuchuluka kwa anyamata othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu chifukwa cha njinga zamoto. Ambiri mwa iwo ndi amene mabanja awo amawadalira pa ndiwo ndi fizi. Njinga imodzi, anthu awiri basi. Mapatapata ayi, valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali. Amayi ndi atsikana, pindirani bwino chitenje kuti chisakodwe m'masipoko, ndipo samalani ndi paipi ya utsi, imawotcha katumba koopsa.

Katundu wolemera akhale pansi ndi pafupi ndi woyendetsa, wolingana mbali zonse ziwiri, womangidwa ndi mphira zolimba. Musanyamule nyumba yonse. Chofunda, neti ya udzudzu, lona kapena pepala lapulasitiki lochindikala, mphika, chigubu cha madzi, tochi, machesi okulungidwa m'jumbo, chikwanje chokulunga m'saka, khasu limodzi la gulu lonse, ndi chingwe. Kamba wake ndi wodziwika: ufa, usipa, nyemba, mchere, mtedza wokazinga, mbatata, chigumu. Muonjeze Thanzi, bandeji, sopo ndi mankhwala otsukira madzi monga WaterGuard.

Nyamukani kutacha bwino. Msewu wa fumbi wochokera kumudzi mumaudziwa, koma mumzinda ndi mwina. Dutsanimo modekha, motsatana, osapikisana ndi maminibasi, mpaka mutagwira msewu wa ku Likuni. Woyendetsa wodziwa njira akhale patsogolo, wodziwa kukonza njinga akhale pambuyo, ophunzira pakati. Phula likatha, siyani mpata waukulu pakati panu chifukwa fumbi la mnzanu limabisa maenje, ngolo ndi anthu okankha njinga za makala. Pamchenga tsitsani giya, gwirani moto wofanana, yang'anani kutsogolo osati pansi pa tayala, ndipo musafinye buleki yakutsogolo mwadzidzidzi. Pamlatho wa mitengo wokwera atsike.

Muli pa njinga, koma mukudutsa m'midzi ya eni. Mukaona masamba atayalidwa pamsewu, pali maliro: chepetsani liwiro ndithu, zimitsani nyimbo, ndipo ngati eni akufuna kuti mutsike n'kukankha, tsikani. Mukakumana ndi gule pamsewu, patukani ndipo imani, osajambula popanda chilolezo. Mudzi womaliza musanalowe m'nkhalango, kaperekeni moni kwa amfumu, muwauze kumene mukagone ndi tsiku lotuluka. Foni imataya netiweki m'malo ambiri a m'nkhalango, ndipo mukasochera oyamba kukufunafunani adzakhala anthu a m'mudzi umenewo.

(NYIMBO)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za ulendo wa pa njinga yamoto wochokera kwa Chiwamba kukagona m'nkhalango ya Dzalanyama. Tafika tsopano. Dzuwa lisanapendeke, misasa ikhale itaima.

Malo ogona musankhe pokwera pang'ono, osati m'khwawa kapena pamchenga wa mtsinje, ngakhale kukhale kouma. Yang'anani kumwamba ngati kulibe nthambi youma, yang'anani pansi ngati palibe mzere wa linthumbu, una kapena chulu chokhala ndi mabowo, chifukwa mmenemo njoka zimabisala. Lambulani ndi khasu, sesani, kenako zungulizani phulusa. Msasa wake ndi womwe uja wa kudimba: mphanda ziwiri, mtanda pamwamba, timitengo totsamira, mbariro, kenako udzu kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti mame ndi mvula zizitsetsereka. Khomo lifulatire mphepo ya mwera. Mitengo yomangira ikhale youma yotola pansi kapena imene mlonda wakulozerani. Njinga muziimike pamodzi pamalo olambula, kutali ndi moto, chifukwa paipi yotentha ikakhudza udzu wouma imatha kuyatsa tchire, ndipo petulo samafuna nthabwala.

Apa ndi pamene agogo ayambe ntchito yawo, ndipo ndikunenetsa kuti gulu lisapite lopanda munthu wamkulu mmodzi kapena awiri, bambo ndi mayi, amene anakulira m'tchire. Akwezeni panjinga mosamala, kapena apezereni galimoto ngati msana sukulola. Iwowa akagwira tsamba amakuuzani kuti uwu ndi mombo, luzi lake ndi lomangira nyumba. Uwu ndi muwanga, chiswe sichiugwira msanga, n'chifukwa chake unkakhala mzati. Uwu ndi mlombwa, ukautema umatuluka madzi ofiira, matabwa ake ndi a mipando yapamwamba. Uwu ndi msuku, zipatso zake zimapsa mvula ikamayandikira. Akuonetsani matowo, nthudza, maye ndi mpoza. Akuonetsaninso chitedze, kuti muchidziwe ndi maso musanachidziwe ndi khungu. Lembani m'kope, jambulani ndi foni, koma koposa zonse gwirani ndi manja, nunkhizani, bwerezani dzina mpaka likhazikike.

Luzi aphunzitse pa nthambi imodzi yokha imene mlonda walola. Onani mmene amalisendera, mmene amalekanitsira khungwa lakunja ndi lam'kati, mmene amaliviikira m'madzi kuti lifewe, ndi mmene amalipotera pantchafu kukhala chingwe. Mtengo ukasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse umafa, chifukwa chakudya chochokera kumasamba chimadzera m'kati mwa khungwamo popita kumizu. N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa ming'oma ya njuchi ya matabwa m'malo mwa ya makungwa, ndipo n'chifukwa chakenso misasa yanu mumangire chingwe chochokera kunyumba.

Kupeka moto ndi phunziro limene achinyamata amalikonda kuposa onse, ndipo ndi lovutadi. Pamafunika kamtengo kouma kofewa kogoneka pansi, kosemedwa kadzenje ndi kampata m'mbali, ndi kamtengo kena kowongoka koimika. Koimikako mumakapukusa pakati pa zikhato uku mukukanikiza pansi. Manja akatsetsereka kufika pansi mumabwerera pamwamba msangamsanga, kapena mnzanu amalandira kusanazizire. Ufa wakuda umasonkhana pakampata paja, umayamba kufuka, kenako mumakhala kakhala kakang'ono. Kameneko mumakaika m'kachisa ka udzu wofewa n'kumauzira pang'onopang'ono mpaka lawi litabuka. Mitengo yake yoyenera amaidziwa ndi agogowo, afunseni. Ambiri tsiku loyamba amangotuluka matuza, osaona ngakhale utsi. Asakhumudwe. Amene waona kuvuta kwa kubala moto ndi manja sautaya mwachisawawa.

Moto wa gulu ukhale umodzi, pamalo olambula mozungulira masitepe atatu, pa mafuwa. Nkhuni zikhale zouma zotola. Usiku pakhale olondera mosinthana. Pochoka thirani madzi, vundulani phulusa, thiraninso, kenako ikani dzanja pafupi mumve ngati pazizira. Chitsa chimatha kunyeka pansi masiku angapo n'kudzayatsa tchire inu muli kwanu. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala ndi umene umapha timitengo tophukira, n'kusiya nkhalango ya mitengo yokalamba yokhayokha. Ndipo mvetsetsani ichi: mbaula kapena makala amoto asalowe mu tenti kapena mumsasa wotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo.

Madzi a m'phiri amaoneka oyera, koma maso saona tizilombo. Aphitseni mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena thiranimo mankhwala monga mwa malangizo a pabotolo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Kumbani chimbudzi cha gulu tsiku lofika, masitepe osachepera 30 kuchokera kumtsinje, ndipo muzikwirira. Kuchapa ndi kusamba ndi sopo tungani madzi mukachitire kumtunda, pokumbukira kuti madzi amenewo akupita ku Malingunde. Agogo akuonetseninso kupeza madzi kumene sakuoneka: mzere wa mitengo yobiriwira monga katope ndi mkuyu umalozera kumene kuli chinyontho, ndipo pokhota mtsinje wouma mukafukula mchenga madzi amatha kutuluka.

Za bowa ndinene mwachidule, popeza nthawi yake ndi ya dzinja, pamene njinga imavutika ndi matope. Utale ndi manyame ndi ndiwo zokoma, ndipo bowa wambiri wa m'nkhalango zotere amamera chifukwa cha mizu ya mitengo yachilengedwe yomweyi, kotero mitengo ikatha nayenso amatha. Koma pali bowa wakupha wofanana kwambiri ndi wodyedwa, ndipo kuphika sikuchotsa poizoni wake. Ngati mayi wodziwa sanavomereze, musadye. Paja safunsa anadya phula.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Tikambeko za ngozi, chifukwa kutchire chipatala chili kutali. Njoka imene imaluma anthu ambiri ndi mphiri, chifukwa sithawa, imangogona m'njira. Usiku yendani ndi tochi ndi nsapato, potola nkhuni yambani mwagogoda ndi ndodo, m'mawa kutumulani nsapato musanavale. Munthu akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange mwendo ndi mphira mothinitsa. Muvuleni mphete, chibangili kapena nsapato malo asanatupe, mumangirire mwendowo ku kamtengo kuti usagwedezeke, asayende yekha, ndipo muthamangire naye kuchipatala. Apa pokha ndi pamene njinga ingatenge atatu, wodwala pakati, wina atamugwirira kumbuyo, ngati galimoto palibe. Musataye nthawi kusaka njokayo. Ngati ndi njoka yolavulira m'maso, tsukani masowo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenako kuchipatala. Wopsa ndi moto kapena paipi ya njinga, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano si mankhwala a bala la moto. Neti mugonemo ngakhale kuli kozizira, ndipo amene amve kutentha thupi patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerera akayezetse malungo msanga.

Wina asachoke pamsasa yekha. Wosochera aime pamalo amodzi, aziimba likhweru kapena wezulo, asamangothamanga. Dziwaninso kuti malire ndi Mozambique amatsata msana wa mapiri. Musakwere n'kutsikira tsidya linalo, mungapezeke m'dziko la eni mulibe chiphaso. Atsikana agone kwaokha ndi amayi owayang'anira, makolo akhale atavomereza, ndipo mowa ndi chamba zisapezeke paulendowu.

Pali chinthu china chimene mukachione ndi maso anu, ndipo sindikufuna muchilambalale. Mukaona zitsa, mauvuni a makala ofuka utsi, ndi tinjira totuluka m'nkhalango todzaza ndi matayala a njinga. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mzinda wa Lilongwe wakhala ukudya Dzalanyama thumba ndi thumba. Zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali a Malawi Defence Force kukalondera nkhalangoyi, ndipo mu 2016 bungwe la JICA la ku Japan linayamba ntchito yothandizana ndi a za nkhalango kuti aiteteze. Sindikunyoza munthu wokankha matumba a makala usiku wonse, chifukwa ndi umphawi umene ukumukankha iyeyo, ndipo wogula makalawo ndi ife tomwe. Koma inu anyamata a njinga zamoto mukudziwa kuti ena mwa inu mumanyamula makala amenewa mbandakucha pozemba zipata za apolisi. Ndalama yake ndi ya lero lokha, ndipo akakugwirani mungataye makala, njinga, ngakhale ufulu wanu. Njinga yomweyo ingathe kunyamula ana asukulu, magulu a mipingo ndi alendo okaona mbalame, pakuti Dzalanyama ndi yotchuka kwa okonda mbalame ochokera kutali. Mlendo wotere amafuna munthu wodziwa njira, wodziwa mayina a mitengo, woyendetsa mosamala, ndipo amalipira ulendo uliwonse mitengo ikadali chiimire.

Tsiku lobwerera phwasulani misasa, kwirirani chimbudzi, tolani majumbo, mabotolo ndi mabatire onse mubwerere nazo. Nyama, mbalame, uchi ndi mitengo zisiyeni momwemo. Ngati mlonda walola, tolani njere zakugwa za mitengo yachilengedwe mukafese kunazale ya kumudzi kwanu. Tulukani nthawi ikadalipo kuti mdima usakupezeni mumzinda, ndipo mukatsanzike kwa amfumu aja.

Tsono inu aphunzitsi, atsogoleri a achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi apampando a masiteji a kabaza kwa Chiwamba, ku Nambuma, kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Mpingu ndi ku Namitete, khalani pansi mwezi uno mukonze ulendowu. Sankhani agogo oti mupite nawo, sonkhani ya mafuta, kafikeni ku ofesi ya za nkhalango. Amene Dzalanyama yawatalikira ayambire pa nkhalango ya mudzi kapena ya sukulu, atapempha amfumu. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho njere zimene mubwere nazo muzifese msanga kuti mbande zidzapezeke zitakula.

(NYIMBO YOTSEKERA)